Timawaya ta Pamsana pa Tawonga

Lufita,
Chitipa.
23 Januwale 2024

Okondedwa achimwene a Lucius,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Thandizo ku wodiko. Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Ndayesa kukuimbirani kangapo koma foni yanu sikulowa, ndiye ndati ndingolemba, ndipatsire mayi wina wa kuno amene akuperekeza amuna ake ku chipatala chomwecho ku Blantyre. Mundikhululukire kalembedwe, paja sukulu ndinalekezera panjira, ndipo Chichewa changa ndi chomwe chija munkachiseka tikuphika kukhitchini ya magadiyani.

Tsiku lotsanzikana lija munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Enock, ukakafika undiuze zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndidziwiretu zimene zikundidikira." Ndiye ndikuuzani zonse, poti opaleshoni ya Thandizo yayandikira, ndipo matenda a msana wake ndi omwewo anali ndi mwana wanga Tawonga.

Mukukumbukira kuti bala la Tawonga sanalisoke ndi ulusi mmene ine ndinkaganizira. Atamuika tizitsulo tiwiri tija ndi masikuluu mkati, kuti fupa lodyedwa ndi TB lija liwongoke, khungu analitseka ndi timawaya tondondozana kuchokera pakati pa mapewa kutsika mpaka pafupi ndi chiuno, ngati tija amamangira makope a ana asukulu. Tsiku lotuluka anesi anandipatsa kachitsulo kochotsera timawayato, kooneka ngati kasizasi, kogwirira kake ka pulasitiki, kali m'kapepala komata mbali zonse, mbali imodzi yoonekera mkati. Anati pakatha masabata awiri tipite nako kuchipatala chakwathu, chifukwa si konse kumene amakhala nako, ndipo ndikasunge posanyowa. Inu munalipo, munaseka n'kuwauza kuti, "Amakanika a njinga awa mwawapatsa sipanala, mwana akam'masula okha kunyumba." Nanenso ndinaseka.

Koma chimene sichinandichoke m'mutu ndi mawu a adokotala aatali aja. Anati bala likalowa tizilombo n'kuchita mafinya, mafinyawo akafika pa zitsulo zamkati, ndiye kuti mwana abwerera ku Blantyre, amutsegulanso, mwina zitsulo azichotsa, ndipo miyendo imene yangoyamba kumva ikhoza kubwerera mmene inalili. Mawu amenewo ndinayenda nawo m'basi mpaka ku Mzuzu, mpaka kwathu ku Nthalire, ndinali kudya nawo.

Titafika kumudzi ndinachita zonse zimene ndikanatha. Ndinakhoma kabedi ka matabwa kokwera kuti asagone pansi, ndinapachika neti masana omwe chifukwa cha ntchentche, ndipo aliyense wobwera kudzazonda ndinkamuimika pakhomo. Apongozi anga anakwiya nazo, amati mdzukulu wawo ndam'sandutsa mkaidi. Tsiku lina mayi a Tawonga, a Dinah, akusintha bandeji, apongoziwo anasuzumira n'kuona timawayato. Anakhala pansi n'kunena m'Chitumbuka kuti mwana tam'khoma ngati thumba la fodya. Kunena zoona nanenso pondionekera zinali choncho.

Tsono achimwene, inu a ku Phalombe mvula mumaidziwa, koma yakwathu ya chaka chino ndi ina. Nyumba yathu ndi yaudzu. Mchere unkasungunuka wokha m'botolo, zovala zinkanunkha chinyezi, ndipo masipanala anga amene ndimakonzera njinga pamsika ndikangowasiya osapukuta, m'mawa mwake ndinkawapeza atafiira ndi dzimbiri. Ine moyo wanga wonse chitsulo ndimachidziwa chonchi: ukachisiya chouma nthawi yamvula, chimafa. Tcheni, sipoko, chingwe cha buleki, khasu, zonse zimafuna oyilo. Ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti chitsulo chadzimbiri chikam'cheka munthu, chotsatira ndi kafumbata.

Kapepala kaja ndinakaika m'chitini chamkaka, chitinicho ndinachipachika pamtanda wadenga pamalo posadontha. M'mawa uliwonse ndinkatsitsa n'kuyang'ana. Tsiku lina ndinapita nako panja padzuwa ndipo ndinaona kadontho kakuda pamene timikono tiwiri ta kachitsuloko timakumana. Ndinati basi, dzimbiri layamba, ndipo chinthu chimenechi ndi chimene chikakhudze bala la mwana wanga, pamwamba penipeni pa zitsulo. Ndinakhala nako m'manja nthawi yaitali. Kenako ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri, n'kung'amba kapepalako.

Silinali dzimbiri. Kanali kamsomali kolumikizira, mtundu wake ndi wakuda basi. Mtima unakhala pansi, koma poti ndinali nditatsegula kale ndinati ndikateteze. Sindinatenge oyilo wakuda wa injini ayi, ndinatenga woyera uja wa makina osokera, wabwino kwambiri amene ndili naye, n'kudonthezera polumikizirapo ndi kukamwa kwake. Ndinakayesanso pa kawaya ka kope lakale kuti ndione ngati kakugwira ntchito. Achimwene, amene anapanga kachitsulo kameneka ndi munthu woganiza. Kamalowa pansi pa waya, ukafinya kamapinda wayayo pakati, miyendo yake iwiri n'kutuluka yokha mowongoka osang'amba pepala. Ndinakondwa, ndinati mwana wanga sadzamva kuwawa. Ndinakapukuta, n'kukakulunga m'kansalu kochapa ndi kusita, n'kubwezera m'chitini.

A Dinah anandipeza ndikumanga kansaluko akuchokera kumjigo. Anatula ndowa n'kufunsa kuti, "Adada a Tawonga, kodi anati titsegule?"

Ndinati, "Anati kasanyowe. Ndiye ndakateteza."

Anandiyang'ana, anayang'ana kapepala kong'ambika pansi. Anangokatola n'kukasunga.

Tsiku litakwana tinapita ku kachipatala kathu kakang'ono. Kumeneko kuli anesi a Chrissy, kwawo ndi ku Ntcheu, timadziwana chifukwa njinga yawo ndimakonza ndine. Anatilandira ndi moni wa Chitumbuka, "monire" wawo wopotoka uja, anam'goneka Tawonga chafufumimba, anayang'ana bala n'kunena kuti lauma bwino, tasamala. Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse chochotsera. Ndinamasula kansalu kaja monyadira ndithu.

Anakatenga ndi zala ziwiri n'kukanunkhiza.

"A Kayira, ichi n'chiyani?"

"Oyilo wa makina. Wabwino, si wakuda uja."

"Pepala lake lili kuti?"

A Dinah anatulutsa kapepala kong'ambika kaja pachitenje n'kuwapatsa. A Chrissy anakhala pampando. Sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anangondifotokozera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana, kuti ntchito ya pepalalo sikuteteza madzi okha ayi. Kachitsuloko anakapha tizilombo tonse kufakitale n'kukatsekera mmenemo, ndipo pepala likangong'ambika kamakhala chimodzimodzi supuni yakunyumba. Anati oyilo ndiye amagwira fumbi ndi tizilombo n'kuzisunga m'timipata mosafika madzi.

Ndinati, "Ndiye tikatsuke ndi sopo, mukawiritse mumphika wanu uja wophikira zida."

Anati, "Kogwirira ndi ka pulasitiki, kasungunuka. Likanakhala bala la pamwendo ndikanayesa njira zina. Koma pansi pa khungu ili pali zitsulo, a Kayira. Ine sindiyerekeza. Pitani kuchipatala chachikulu ku Boma."

Ndinafunsa ngati ndingakasiye padzuwa tsiku lonse. Anangopukusa mutu.

Ku Boma kuchokera kwathu ndi kutali ngakhale nthawi yachilimwe. Sabata imeneyo mvula inali itadula msewu pamtsinje wina, magalimoto onse ataima. Tinabwerera kunyumba kukadikira, ndipo masiku amene adokotala ananena anadutsa tikuyang'ana mitambo. A Dinah akatsegula bandeji ndinkaona khungu likuyamba kutupa mozungulira timawaya takumunsi, likutimeza pang'onopang'ono ngati mmene mtengo umamezera waya wa mpanda. Ndikuuzeni zoona, maganizo anandibwerera akuti ndingochotsa ndekha. Kachitsulo kanalipo, kagwiridwe kake ndinali nditakaphunzira pa kope lija, ndipo manja anga sanjenjemera. Ndinanena zimenezi mokweza tikudya. M'mawa mwake ndinapeza chitini palibe, chikwama changa cha masipanala palibenso. A Dinah anali atakazisiya kwa amayi awo.

Ndinati, "Tsono ndikagwira bwanji ntchito pamsika?"

Anati, "Njinga zidikira. Msana wa mwana wanga si tayala."

Ndinakwiya tsiku lonse, sindinawalankhule. Lero ndikawayang'ana ndimangoti yewo, zikomo, mumtima.

Msewu utatseguka tinapeza lole yonyamula nyemba. Adalaivala atamva za mwana anatipatsa kutsogolo, othandizira awo n'kukakwera pamatumba. Tinayala kamatiresi pamiyendo pathu ndi a Dinah, Tawonga n'kugona chafufumimba, ine nditam'gwira mapewa, mayi ake chiuno, kuti msana usagwedezeke pamabampu. Adalaivalawo anayendetsa ngati anyamula mazira, Mulungu awadalitse, dzina lawo sindinafunse n'komwe.

Ku Boma tinakumana ndi adokotala achizimayi, a Maureen. Anawerenga zochokera ku Blantyre, anayang'ana bala, n'kufunsa za chochotsera. Ndinafotokoza ndekha, sindinafune kuti a Dinah andinenere. A Maureen anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Oyilo wa makina osokera. Chiyambire ntchito ino iyi ndiye sindinaimvepo." Anati kuno mabala amasoka ndi ulusi, timawaya totere sagwiritsa ntchito, n'chifukwa chake ku Blantyre anatipatsiratu chochotsera. Koma anati tisadandaule, achotsa ndi kopanira kawo kakang'ono kophikidwa bwino, kungoti zitenga nthawi ndipo mwana amva.

Anam'mwetsa mankhwala ochepetsa ululu, tinadikira pang'ono, kenako anabweretsa thireyi yokutidwa ndi nsalu yobiriwira. Ndinaona mmene amaitsegulira, osakhudza mkati, anesi akung'amba mapepala a thonje cham'mbali n'kugwetsera pathireyi osaligwira. Chilichonse chinali ndi pepala lake, ndipo palibe amene ankatsegula chisanafike nthawi yake. Ndinaima pamenepo n'kumaona zimene ndinayenera kudziwa.

A Maureen anati, "Bambo, inu ndinu amphamvu. Mugwire mapewa, msana usapotoke ngakhale pang'ono. Akalira musasiye."

Timawaya takumtunda tinatuluka mosavuta, Tawonga ankangoti sii ndi mano. Titafika pa takumunsi tomezedwa tija, zinasintha. Kopanira kanayenera kulowa pansi pa waya pamene khungu linali litatseka kale, n'kutanula pang'onopang'ono. Mwana anayamba kukuwa. Anatembenuza nkhope n'kundiyang'ana, akuti, "Adada, lekani, chikuŵinya, adada lekani," kutanthauza kuti ndimusiye, zikuwawa. Ine ndinakanikiza mapewa ake patebulo ndi manja anga awiri, sindinasiye. Kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kali ndi mphamvu, achimwene, simungakhulupirire. Kawaya kalikonse kakagwa m'mbale kankalira kuti nge, ndipo ndinkati mwina ndi komaliza, koma ayi.

Atamaliza ndinawatsatira a Maureen posamba m'manja n'kufunsa kuti, "Kachitsulo kaja kakanakhala bwinobwino, akanamva kuwawa chonchi?"

Anapukuta manja kaye. Anati, "Pa tsiku lake, ndi chida chake, akanamva ngati kulumidwa ndi nyerere. Koma zatha, bambo. Tiyeni tione za kutsogolo." Ndinawathokoza kuti sanandinamize.

Za kutsogolozo ndi izi. Pa malo amodzi kumunsi, pamene waya anamira kwambiri, panali patafiira ndipo pankatuluka timadzi. A Maureen anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu kuzungulira kufiirako. Anati kufiira kukadutsa mzerewo, kapena thupi likatentha, atitumiza ku Blantyre tsiku lomwelo, osadikira. Anam'patsa mankhwala akumwa ndipo anati tisabwerere ku Nthalire, tizibwera m'mawa uliwonse adzatsuke ndi kuona. N'chifukwa chake kalatayi ndikulembera ku Lufita, pafupi ndi Boma, kwa amalume awo a Dinah, amene atipatsa chipinda chawo chosungira chimanga.

Masiku amenewa ndakhala munthu wachabechabe. Kumudzi chimanga chikudikira kupalira, ine ndili pano kugwira chipumi cha mwana kangapo pa ola, mpaka a Dinah anandiuza kuti ndim'tenthetsa ndine ndi dzanja langa. M'mawa anesi akamachotsa bandeji ndinkaima kumbuyo kwawo, maso pamzere uja. Tsiku loyamba kufiira kunali pamzere penipeni. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkayesa kukumbukira ngati dzulo lake panali kampata kapena ayi, mutu n'kumandipweteka.

Masana ena kona imodzi ya pulasitala inamatuka pabandeji. Ndinaiyang'ana, manja akuyabwa, koma ndinati ayi. Ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala kukafunsa. A Maureen anaseka mpaka anagwira tebulo, anati, "Bambo, imeneyo ndiye mukanangomata ndi chala." Ndinabwerera ndikudziseka ndekha, komanso ndikuganiza. Ine ndinazolowera kuti chinthu chikandidetsa nkhawa ndimachigwira, ndimachimasula, ndione mkati. Ndi mmene ndimadyetsera banja langa, ndipo palibe anabwezapo njinga kuti ndalakwitsa. Tsopano sindikudziwanso bwino chimene ndi changa kukonza ndi chimene si changa. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti tsiku lija sindinachite mwaulesi kapena mosasamala. Ndinasamba m'manja, ndinasankha oyilo wabwino, ndinasita kansalu. Ndinaika mtima wanga wonse, ndipo ndi zomwezo zinam'pweteka mwana.

Lero m'mawa atatsegula bandeji, pakati pa mzere ndi kufiira panali mpata woti chala changa chikhoza kukwana. Timadzi tasiya, pauma. A Maureen anadinikiza m'mbali monse, Tawonga sanadzidzimuke, thupi silikutentha, ndipo magazi amene anayeza ali bwino. Anati zikuoneka kuti zinali zapakhungu chabe, sizinafike pa zitsulo. Amalize mankhwala, Lachisanu akaonenso komaliza, kenako tikhoza kupita kwathu mpaka tsiku lobwerera ku Blantyre kukajambulitsa. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo.

Ndiye achimwene, opaleshoni musaiope. Linunda lija latsika, mwana akugona chagada koyamba chiyambire kudwala, ndipo dzulo anaima yekha atagwira khoma, zala zakumapazi zikugwira pansi. Koma akadzakupatsani kapepala kaja, musadzatsegule. Ngakhale muone chiyani mkati, ngakhale mvula igwe bwanji. Mukaike m'botolo lotseka bwino, mukapereke kwa anesi kali chitsekere. Ndipo ngati kwanu msewu umaduka, mupemphe malo kwa abale pafupi ndi chipatala mpaka timawaya tichoke, munda mudzaupeza. Inu ndinu wa sukulu kuposa ine, mwina mukuseka kuti simungachite zoterozo, koma munthu ukakhala wekha ndi mantha umaganiza zinthu zambiri.

Ndili ndi pempho limodzi. Ndikufuna kum'khomera mitengo iwiri yogwirira pabwalo, ngati zitsulo zija ana amaphunzirira kuyenda kuchipinda cha mafizo. Mundifunsireko kwa amene amawayendetsa aja kuti italike kufika pati pathupi la mwana, ndipo ayambe liti. Mitengo ndaiona kale kumunda kwa apongozi, yowongoka bwino, koma sindidula mpaka mutandiyankha. Yankho mupatsire mayi yemweyu pobwera, kapena muyese kuimba Lachisanu lisanafike ndidakali kuno kumene netiweki imagwira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga mayi a Thandizo, muwauze kuti a Dinah sanaiwale mbaula imene ankabwerekana. Moni kwa anesi a ku wodi, koma za oyilo musawauze, ndidzanena ndekha ndikabwera. Moni kwa magadiyani onse amene adakalipo. Thandizo mum'gwire dzanja m'malo mwanga, mumuuze kuti amalume ake a ku Chitipa akum'pempherera m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lochotsa timawaya, ngati n'kotheka, adzam'gwire mapewa ndi anesi, inu mudzakhale kutsogolo kumene akukuonani nkhope.

Tawonga akuti moni kwa Thandizo, akuti achire msanga adzaone mmene akuimira. Wauza mayi ake kuti andiuze ndilembe, chifukwa chichokere patebulo paja ine sanayambe kundilankhula. Ndikalowa amatembenukira kukhoma. A Dinah akuti ndim'patse nthawi, ndi mwana, ndiye ndikum'patsa.

Ndine mng'ono wanu,

Enock Kayira